Kodi ovataimu ndi ya anthu a m'mafakitale okha?

Mnyamata wa ku Chibavi:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito mu shopu ina ya holoselo mtauni muno, chaka chachiwiri tsopano. Timatsegula 7:30 kutseka 5, Lolemba mpaka Loweruka. Vuto ndi masiku amene lole ya katundu yabwera kuchokera ku Songwe, imafika madzulo ndiye timatsitsa makatoni a mafuta ndi sopo mpaka 9 usiku nthawi zina 10, ndi kuzizira kwa Mzuzu kuno mu June zala zimachita kuuma, pomaliza abwana amangotipatsa ya kabaza basi. Pa 6 July tinagwiranso tsiku lonse. Nditafunsa mwaulemu anandiyankha kuti "iwe ndi wa pamwezi, ovataimu ndi ya a m'mafakitale ku Luwinga uko." Kodi ndi zoona? Mkazi wanga ndi woyembekezera, ndalama imeneyo ndikuyifuna.

Mayi a Tawonga:
Achimwene musanamizidwe, lamulo silikutero. Ndinagwirapo ntchito yokonza malipiro zaka zambiri ndithu. Employment Act ya 2000 imati munthu wolembedwa ntchito asapitirire maola 48 pa sabata, kupatula ovataimu, ndipo siyisankha kuti uyu wa mu shopu uyu wa mu fakitale, kaya mumalandira pamwezi kaya pa sabata. Amene lamuloli siliwakhudza ndi asilikali, apolisi ndi a ndende, iwo ali ndi malamulo awo. Inuyo muli momwemo.

Ovataimu ilipo ya mitundu itatu. Mukapitiriza maola pa tsiku lantchito, ola lililonse amalipira ola limodzi ndi theka. Mukagwira pa tsiku lanu la ofu ndi kawiri, pa holide ya boma ngati 6 July ija ndi kawirinso. Tinene kuti ola lanu ndi K1,000, ndiye kuti usiku wa lole uja ola ndi K1,500, pa holide K2,000.

Komanso taonani, 7:30 mpaka 5 tikachotsa ola la lanchi ndi maola 8 ndi theka, kwa masiku 6 akukwana 51. Ndiye kuti lole isanabwere nkomwe mwadutsa kale 48 ndi maola atatu sabata iliyonse. Zimandiwawa chifukwa anyamata ambiri m'mashopumu sadziwa zimenezi, amangothokoza ya kabaza ija.

Mlonda wa ku Katoto:
Ife alonda ndiye musanene. 6 madzulo mpaka 6 m'mawa, masiku 6, awerengeni nokha ndi 72. Kampani yomwe ndinkagwira poyamba ankati mlonda alibe ovataimu chifukwa amangokhala pansi, kukhala pansi kwake kuti mvula ikukuvumbwa pageti tochi ili m'manja. Ku leba anatiuza kuti ngakhale mlonda maola opitirira 48 ndi ovataimu. Tinapita anthu asanu limodzi, ukapita wekha amakuona ngati wovuta.

Dada Gondwe:
Zonse anenazi ndi zoona koma ine ndikuopa mbali ina. Ntchito mu Mzuzu muno yasowa, mawa ukadzuka ndi nkhani ya lamulo abwana angokuuza kuti usabwerenso, pakhomo pali anyamata khumi akudikira malo akowo. Mphwanga yamba kaye wasonkhanitsa umboni mwakachetechete. Gula kakope, tsiku lililonse lemba deti, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, nambala ya lole, ndipo ngati abwana amakuitanani pa WhatsApp kuti bwerani mudzatsitse osafufuta mauthengawo. Funso langa kwa amayi, nanga aja amangoitanidwa pa tsiku la lole lokha, amagwirizana kuti katoni imodzi ndi zakuti, iwonso ali momo?

Mayi a Tawonga:
Dada, waganyu amene mwagwirizana mtengo wa ntchito yonse, watsitsa walandira wapita, nkhani yake ndi ina. Koma achimwenewa amabwera tsiku lililonse, nthawi amawaikira ndi abwana, malipiro ndi a pamwezi, ameneyo ndi wantchito ngakhale kontrakiti yolemba palibe. Za kakope mwanena bwino kwambiri. Achimwene muyambe mwakambirana ndi abwana muli awiri kapena atatu, mwaulemu, kakope kali m'manja. Zikakanika pitani ku ofesi ya leba konkuno, amaitana abwanawo nkukhala pansi nonse. Zikakanikanso kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti ya milandu ya za ntchito, ilipo mu Mzuzu momwe muno simukufunika kukwera basi ya ku Lilongwe.

Mnyamata wa ku Chibavi:
Zikomo kwambiri amayi, dada, ndi inu achimwene a ku Katoto. Za 51 zija sindinaziganizepo nkomwe. Mauthenga a pa WhatsApp ndili nawo kuyambira mu March, ndayang'ana pompano ndi masiku 14 a lole. Kakope ndigula mawa ku Taifa, ndipo mnzanga amene timatsitsa naye wati tikalankhule limodzi Loweruka tikatseka.