Zaka zanga za usajeni sizikuoneka pa malipiro, tsiku lokwezedwa nalo ndi lolakwika: ndiyambire pati?

Lefutenanti_Wotopa:

Moni akuluakulu nonse. Ndimangowerenga pano osalemba, koma lero zandikulira, ndipo ndikudziwa kuti alipo ena mwa inu amene munavalapo yunifomu ya asilikali a ku America kuno.

Ndinalowa usilikali wapamtunda mu Malichi 2015 ngati msilikali wamba. Ndinagwira zaka 3 ndi miyezi 8, n'kutuluka mu Novembala 2018 ndili sajeni. Sindinavuliretu yunifomu ayi, ndinapita ku Reserve, gulu la asilikali ogwira ntchito nthawi zina, uku ndikumaliza digiri, ndipo m'kati mwa nthawi imeneyo anatiitana kukagwira miyezi 9 yathunthu kunja. Mu Malichi 2021 ndinabwerera n'kulowa OCS, sukulu yokonzekeretsa maofesala, mu Juni chaka chomwecho ndinalumbira kukhala ofesala.

Mwezi watha tinakhala pansi ndi mnzanga amene tinalumbira naye tsiku limodzi, tikuwerengera ngati angakwanitse ngongole ya galimoto. Nditasuzumira pa LES yake, pepala la malipiro, ndinaona palembedwa O-2E, gawo la malipiro la first lieutenant amene anakhalapo msilikali wamba zaka zokwanira. Yanga ili O-2 basi, popanda E. Nditayang'anitsitsa, tsiku loyambira kuwerenga malipiro anga likuti Julayi 2017, pomwe ine mu 2017 ndinali nditatha kale mapeyala awiri a jombo. Apa ndivomere kulakwa kwanga: DD 214 (pepala limene amakupatsa ukamaliza ntchito ya nthawi zonse) yachiwiri, ya miyezi 9 ija, ndaipeza m'katoni ya mabuku a kukoleji. Sindinaipereke kwa munthu aliyense.

Nkhani inayo ndiye imandiwawa kwambiri. Ndimayenera kukwezedwa kukhala first lieutenant mu Disembala 2022, miyezi 18 itakwana. Nthawi imeneyo m'gulu langa munasowa chida choonera usiku, kafukufuku anatsegulidwa, ine monga mtsogoleri anandiika flag, chiletso choimitsa kukwezedwa. Chidacho chinapezeka m'kontena ya gulu lina, kafukufuku anatsekedwa mu Febuluwale, ine wopanda mlandu. Koma kalata yondikweza itabwera inali ndi tsiku la mu Malichi 2023. Kalaliki amene ndinamufunsa anangoti, "Bwana, miyezi itatu yokha, ikusowetsani tulo?" Ikundisowetsadi.

Ndiye ndikufunsa: ndithamangire ku bodi yokonza zolakwika m'mafayilo a asilikali kapena pali poyambira pena? Komanso poti ndakhala msilikali kuyambira 2015, sangandibwezere tsiku la renki m'mbuyo ndithu, kuti zaka zimene ndinavutika ndili wamba zioneke?

Sajeni_Wopuma:

Bwana Lefutenanti, ine ndinakalambira mu ofesi ya S-1, yoona za mapepala a asilikali, mafayilo ngati anuwa ndawagwira ambirimbiri. Ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo chifukwa ndi mbuna imene ambiri amagweramo. Zaka za usilikali wamba sizisuntha tsiku la renki ya ofesala ngakhale ndi tsiku limodzi. Munthu akhale sajeni zaka 12, ulefutenanti wake umabadwa tsiku limene wakweza dzanja n'kulumbira, chimodzimodzi ndi kamnyamata kongotuluka kumene ku sukulu ya maofesala ya West Point. Zimapweteka, ndikudziwa, koma pempho limenelo lisapezeke pa pepala lanu lililonse. Lidetsa madandaulo anu awiri amene ali ndi mutu.

Chimene chikukusokonezani n'chakuti mukuona ngati wotchi ndi imodzi, pomwe fayilo ya msilikali imayendera mawotchi angapo ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Ya malipiro, imene amati PEBD, imawerenga nthawi yonse imene dzina lanu linali m'kaundula wa asilikali, ya Reserve yomwe, ngakhale miyezi imene munkangobwera Loweruka ndi Lamlungu kamodzi pamwezi. Poti simunadukize, yanu iyenera kunena Malichi 2015. Julayi 2017 wachokera kuti? Tengani Malichi 2021, chotsani zaka 3 ndi miyezi 8, mupeza tsiku lomwelo. Amene anawerengera anaona DD 214 imodzi yokha, ndipo zaka za Reserve anazitenga ngati munali kunyumba. Wotchi ina ndi BASD, imene imawerenga masiku ogwira ntchito nthawi zonse okha, ndipo ndi imene idzakuuzeni tsiku lokwanitsa zaka 20 za penshoni. Miyezi 9 ija ikusowanso pamenepo, ndiye mukaisiya mudzagwira miyezi 9 yaulere kumapeto. Tsiku la renki ndi wotchi yachitatu, siyimva za zinzake ziwirizi.

Chenjezo laling'ono: ngati munasaina mu 2014 n'kumadikira kunyumba tsiku lopita ku maphunziro oyamba, miyezi yodikirayo musaiike m'masamu a malipiro. Siilowa.

Tsopano chilembo E. Lamulo limafuna kuti mukhale mutagwira kupitirira zaka 4 za ntchito ya nthawi zonse muli wamba kapena warrant officer, renki ya pakati pa sajeni ndi lefutenanti. Kupitirira, osati kukwana: zaka 4 ndi tsiku limodzi. Kwa a Reserve njira ina ndi mapointi a utumiki opitirira 1,460. Onani mmene zinakuthawirani. Zaka 3 ndi miyezi 8, kuphatikiza masabata 12 a OCS amene munali mukadali wamba, zikupereka pafupifupi zaka 3 ndi miyezi 11. Munaperewera mwezi umodzi wokha! Ikani miyezi 9 ya m'katoni ija, mwadumpha mpanda bwinobwino. Ndipo si ndalama zamasewera. Malipiro a O-1 wamba, a second lieutenant, amasiya kukwera zaka 3 zikadutsa, pomwe a O-1E amakwerabe mpaka zaka 14, ndalama ya nyumba nayo imasiyana. Kuyambira Juni 2021 mwezi uliwonse mwakhala mukulandira zoperewera. Chilembochi chimathera pa kaputeni, pa meja palibe.

Ku bodi musapite kaye. Iwo amafuna umboni woti munayesa njira zonse zapansi, apo ayi amakubwezerani fomu osaiwerenga n'komwe. Tengani ma DD 214 onse awiri, makalata okuitanani ku miyezi 9 ija, ndi pepala la mapointi anu a Reserve. Pitani nazo ku S-1 akulembereni DA Form 1506, imene imawerenga utumiki wanu wonse, ipite ku ofesi ya zachuma. Onetsetsani ndi maso anu kuti DD 214 yachiwiriyo yalowa mu iPERMS, nkhokwe ya pa kompyuta ya mafayilo a asilikali. Nkhani ya malipiroyi nthawi zambiri imathera pomwepo.

Ya tsiku lokwezedwa ndi ulendo wina, musaziphatikize pa pepala limodzi. Ofesala akachedwetsedwa chifukwa cha kafukufuku kenako n'kupezeka wopanda mlandu, amayenera kulandira tsiku limene akanalandira pakanapanda kuchedwako, ndi malipiro ake omwe. Funani DA Form 268 ziwiri, yoika flag ndi yochotsa, komanso kalata ya mkulu wanu yotseka kafukufuku. Pempho lidutse ku S-1 kupita ku HRC, likulu loona za mafayilo ndi kukwezedwa kwa asilikali, ku Fort Knox. Aliyense amene angakukanizeni, muuzeni mwaulemu kuti alembe. "Ayi" wapakamwa sungamuike mu envelopu.

Namwino_wa_Usiku:

Achimwene, a Sajeni anena zoona, ine ndingowonjezera za ku bodiko poti ndinafikako.

Yanga inali yosiyana pang'ono. Ife anamwino, madokotala, maloya ndi abusa timalowa ndi chimene amati constructive credit, kutanthauza kuti maphunziro ndi zaka zimene unagwira kunja zimakukweza polowera. Kwa anamwino, masiku awiri ogwira ntchito kunja amakupatsa tsiku limodzi. Ine ndinali nditagwira zaka 6 m'zipatala ziwiri, ndiye ndimayembekezera zaka 3, zokwanira kulowa ndili first lieutenant. Koma kalata ya chipatala chimodzi inangoti ndinagwira ntchito bwino ndipo ndinali wakhama, osatchula tsiku loyamba, tsiku lomaliza, kapena kuti ndinkagwira maola athunthu. Zaka 4 zinagwera m'madzi chifukwa cha kalata yokoma mawu. Ndinalowa ndili second lieutenant, ndipo ndinasaina ndekha pepala lovomera osawerenga, chimwemwe chitandiphimba m'maso.

Ndinadzaza DD Form 149 n'kutumiza ku ABCMR, bodi ya asilikali apamtunda imene ili ku Arlington, Virginia. Amene amaweruza si asilikali, ndi anthu wamba ogwira ntchito m'boma, osachepera atatu pa mlandu, ndipo kawirikawiri sakuona nkhope. Pepala lako ndiye pakamwa pako. Amayamba ndi ganizo loti fayilo ili bwino ndipo amene analemba anachita ntchito yawo molondola, iwe ndiye usonyeze kuti sizili choncho. Choncho nkhani yoti munavutika bwanji, munakhumudwa bwanji, isungireni ife pano. Kwa iwo lembani tsiku lolakwika, tsiku loyenera, ndime ya lamulo imene ikukuikirani kumbuyo, ndi pepala lotsimikizira chilichonse mwanena. Mutchulenso kuti mukufuna ndalama zotsalira, musaganize kuti adziwa okha.

Pakati pa ulendo anapempha maganizo kwa ofesi yodziwa za anamwino, ndipo maganizowo anabwera ondikanira. Mtima unagwa. Koma amakutumizira kope n'kukupatsa masiku oti uyankhe, ndipo m'masiku amenewo ndinaimbira foni chipatala chija mpaka anatopa nane, anandilembera kalata yatsopano ya masiku enieni, ndinaphatikiza ndi mapepala a msonkho a zaka zinayizo. Yankho linabwera patatha miyezi 14. Lamulo limati milandu 90 pa 100 iliyonse izitha m'miyezi 10 ndipo yonse isapitirire miyezi 18, ndiye musayembekezere za sabata yamawa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti tsiku la renki linabwerera m'mbuyo koma PEBD sinasunthe. Ndinkaganiza kuti alakwitsanso, kufikira nditawerenga ndekha kuti zaka zongopatsidwazi ntchito yake ndi renki yolowera ndi mzere wokwezedwa basi, pa zaka za malipiro ndi penshoni sizilowa. Ndi nkhani yanu yomweyo koma yotembenuza, achimwene: inu zaka zanu zimadyetsa thumba osakhudza renki, zanga zinakhudza renki osawonjezera chaka pa wotchi ya malipiro. Ndalama zotsalirazo zikabwera pakamodzi msonkho umadulapo kaye, musalonjeze akunyumba zonse.

Mjomba_Wachangu:

Ine ndiye sindingataye nthawi ndi makalaliki. Lemberani congressman, phungu wa dera lanu, muone mmene azithamangira. Kapena gwirani loya basi.

Sajeni_Wopuma:

Mjomba, kalata ya congressman imachititsa kuti akuyankheni msanga, koma sisintha tsiku pa fayilo. Ikafika, ofesi imayankha kuti munthuyu adzaze fomu yakutiyakuti, mwabwerera pomwe munali, kuwonjezera apo akuluakulu anu onse adziwa dzina lanu. Mabodi amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1946 n'cholinga choti Congress isamavutike kupanga lamulo lapadera pa fayilo ya msilikali mmodzimmodzi. Isungeni mfuti imeneyo, idzagwira ntchito pepala likagona pa desiki miyezi popanda yankho. Loya wolipira pa nkhani ya masamu ngati iyi n'kuwononga ndalama, ofesi yothandiza asilikali za malamulo pa kampu imawerenga pempho lanu kwaulere.

Za nthawi ndinaiwala kutchula. Ku bodi muli ndi zaka 3 kuchokera pamene mwazindikira cholakwika, ngakhale iwo angathe kumva mlandu wochedwa akaona kuti chilungamo chikufuna tero. Zofuna ndalama ku boma zili ndi malire a zaka 6. Simunachedwe, koma Juni 2021 sakuyandikira.

Lefutenanti_Wotopa:

Zikomo kwambiri bambo, zikomo achemwali. Zoti ndinaperewera mwezi umodzi zandiseketsa ndekha m'galimoto ngati wamisala. Dzulo ndapereka DD 214 ija ndipo DA Form 1506 yayamba kulembedwa. Fomu yochotsa flag ndaipezanso, palembedwa kuti nkhani inatsekedwa mondikomera, tsiku lake la mu Febuluwale 2023. Kalata yotseka kafukufuku ndiye sindikuiona, ndipo mkulu amene anasaina anasamutsidwa kale.

Chatsala kundidetsa nkhawa ndi bodi yosankha makaputeni, imene ikhale miyezi ikubwerayi. Ikakhala tsiku langa lisanakonzedwe, ndiye kuti ndatsala chaka chonse?

Sajeni_Wopuma:

Yambani mwawerenga uthenga wa MILPER wolengeza bodiyo. Mmenemo amalemba kuti oganiziridwa ndi amene tsiku lawo la renki lili pakati pa tsiku lakuti ndi lakuti. Ngati Disembala 2022 ndi Malichi 2023 onse agwera m'kati, fayilo yanu ionedwa ndithu, chotsala ndi malo anu pa mzere, amene adzakonzedwe tsikulo likakonzedwa. Mzere ukadula pakati pa masiku awiriwo, lembani zimenezo pa ndime yoyamba ya pempho lanu lopita ku HRC, ndi tsiku limene bodi ikukhala, ndipo mkulu wa batalioni yanu asainepo. Pepala lokhala ndi tsiku lomalizira limayenda mosiyana ndi linzake.

Zikakanika bodi n'kukhala inu mulibemo, simunathe. Gawo 628 la Title 10, buku la malamulo a asilikali, limalola bodi yapadera kwa ofesala amene anadumphidwa chifukwa cha kulakwitsa kwa mapepala. Amaika fayilo yanu mmene ikanaonekera nthawi imeneyo pambali pa mafayilo a anzanu amene anaonedwa, ndipo mukasankhidwa mumalandira tsiku ndi malipiro ngati kuti munasankhidwa ndi bodi yoyambayo. Koma amafunsa ngati inuyo munachitapo kanthu kukonza fayilo nthawi ikadalipo, ndiye imelo iliyonse imene mukutumiza masiku ano isungeni, ndi tsiku lake.

Kalata yosowayo musaifune kwa mkulu amene anachoka. Kafukufuku wa mtundu umenewo amadutsa m'manja mwa maloya a brigade asanatsekedwe, ndipo kope limatsala kwa iwo. Pitani Lolemba m'mawa ndi dzina la ofesala amene anafufuza komanso mwezi umene anatseka, mufunse paralegal, wothandizira maloya, osati loya mwiniwakeyo.