Makumba akuyasama pamwamba m'bandakucha, ndichite bwanji?

Mlimi wa ku Chingale: Anzanga alimi a nsomba, ndithandizeni nzeru. Damu langa ndi la mamita 20 m'litali, 10 m'lifupi, ndipo muli makumba. Chiyambireni kutentha kwa Okutobala, ndikapita m'bandakucha ndikumapeza nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa. Dzuwa likakwera zimamira, masana zili bwinobwino. Lero ndatola zakufa, zikuluzikulu zomwe ndimati ndigulitse. Madzi abiriwira kwambiri.

Mayi wa ku Mchinji: Pepani achimwene. Yambani mwatembenuza zakufazo muone pakhungu. Pali zilonda zofiira? Kuno mu 2020 tinaona matenda a EUS, nsomba za mu Bua ndi za m'madamu zinkatuluka zilonda mpaka mnofu kuonekera. Ngati zili choncho, ukonde wanu usapite padamu la munthu wina, ndipo alangizi amve lero lomwe.

Mlimi wa ku Chingale: Zilonda palibe mayi, khungu ndi losalala.

Mlangizi wopuma, Domasi: Ndiye si EUS, paja matenda amenewo amakonda nyengo yozizira. Nsomba zanuzo zikubanika, bambo. Kubiriwira kwa madziko ndi ndere zing'onozing'ono zomwe makumba amadya, ndipo timazifuna ndithu. Koma nderezo zimatulutsa okosijeni, mpweya umene nsomba zimapuma, pokhapokha dzuwa likuwala. Usiku nazonso zimapuma mpweya womwewo, kulimbirana ndi nsomba komanso zowola zimene zadikha pansi. Pofika m'bandakucha mpweya umakhala watha. Kuonjezera apo, madzi otentha sasunga mpweya wambiri ngati ozizira. N'chifukwa chake zikuyamba kufa ndi zazikulu, ndizo zimafuna wochuluka. Pitani mukapise mkono m'madzimo, mutiuze pomwe chikhatho chikusowera. Nanga manyowa mukuthira bwanji?

Mlimi wa ku Chingale: Ndapisa. Chikhatho chasowa madzi atangopitirira pamfundo ya dzanja, chigongono chili kutali. Zitosi za nkhuku ndimathira sabata iliyonse, madeya m'mawa ndi madzulo.

Mlangizi wopuma, Domasi: Eyaa, mwalikhutitsa damulo. Chikhatho chizisowa madzi akafika cha m'chigongono. Zitosi lekani kaye. Madeya nawo imitsani masiku awiri kapena atatu, nsomba sizifa ndi njala imeneyo, koma madeya otsala akamaola pansi amadya mpweya. Kenako lowetsani madzi atsopano.

Mnyamata wa ku Liwonde: Bwanji osaponyamo namasupuni pang'ono kuti achite mthunzi? Kuno ngwaulere, timangotola mu Shire.

Mayi wa ku Mchinji: Ayi mwanawe, usawaphetse nsomba anzako! Namasupuni sadziwa mawu oti pang'ono. Akayala pamwamba dzuwa sililowa, mpweya sulowa, mizu yake ikamaola ndiye vuto lomweli kuwirikiza. Iwe uli pa Liwonde pompo, suona a Egenco akuvutika kumuvuula pabaraji kuti asakatseke makina a magetsi ku Nkula? Ndiye wina akamutengere yekha kumtunda, mvula ikadzagwa alowe mumtsinje wa mudzi wonse?

Mnyamata wa ku Liwonde: Ndamva mayi, ndabweza mawu.

Mlimi wa ku Chingale: Za madzi atsopanozo ndiye pali nkhani. Kamtsinje kathu kaphwera, ndipo ngalande ndi imodzi ndi anzathu a madimba. Ndikatsegulira kudamu, mawa ndili kwa amfumu.

Mlangizi wopuma, Domasi: Kambiranani nawo musinthane. Madzi obiriwirawo ndi manyowa kale, tomato ndi mpiru zimawakonda. Inu muwapatse a m'damu athirire, iwo akupatseni ngalande usiku, nthawi yomwe sathirira. Potulutsa, paipi ikoke madzi apansi, ndiwo oipa kwambiri. Polowetsa, madzi asalowe mwakachetechete: ikani mwala kapena thabwa kuti azigwa akuthovoka, azitenga mpweya. Ngati muli ndi thiredo pampu, cha m'ma 4 koloko m'mawa muzipopa madzi a m'damu momwemo n'kumawabwezera kuchokera m'mwamba. Chimodzi chokha, musalowemo n'kumavundula matope, mungazimalize zonse.

Mayi wa ku Mchinji: Komanso achimwene, munaikamo zingati? Damu lanulo ndi masikweya mita 200. Pa nsomba zitatu pa sikweya mita ndi 600 basi. Koma makumba timawadziwa kuswa kwake, pano mwina muli chinamtindi cha ana. Kokani ukonde m'mawa kukadali kozizira, dzuwa litangotuluka nsomba zitayamba kumira. Zazikulu gulitsani zisanakufereni, ana muwapatule.

Mlimi wa ku Chingale: Ndabweranso. A madimba avomera, akutunga ndi makheni ndipo ngalande ndikumatsegula usiku. Zitosi ndaleka. Titakoka ukonde, ana anadzaza mabeseni, sindinkadziwa kuti muli ochuluka chotere. Lero m'mawa zoyasama zinali zochepa, kukona komwe kuli kutali ndi polowera madzi, ndipo yakufa sindinatole. Chikhatho chikusowa pakati pa mkono tsopano. Madeya ndiyambe liti?

Mlangizi wopuma, Domasi: Mukaona m'mawa wina popanda yoyasama. Muyambe ndi theka la muyeso wakale, cha m'ma 10 koloko dzuwa litakwera, ndipo muime pompo muone ngati zikumaliza. Zitosi dikirani mpaka chikhatho chizioneka madzi ali m'chigongono.