Mabuleki akutha mphamvu potsika Ku Chawe, ulendo ndi Loweruka lino

Makaniko wa ku Chinamwali:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Loweruka tili ndi ulendo uja wa njinga zamoto wosonkhetsa ndalama zogulira sopo, shuga ndi ndodo zoyendera za odwala a ku wodi ya mafupa ku Zomba Central. M'mawa chionetsero cha njinga m'tauni, kenako tonse tikwere mpaka Ku Chawe pa phiri la Zomba, tikadye, n'kutsika. Komiti inandisiyira ine ntchito yoyendera njinga zonse. Zalembetsa 34. Zambiri ndi za kabaza, ma Lifo, ma King Lion, Boxer zingapo, DT ziwiri, ndi zikuluzikulu zitatu za anzathu ochokera ku Blantyre.

Dzulo tinakayesa njira ndi njinga 6. Pokwera panalibe vuto. Potsika, tisanafike n'pakati pomwe, King Lion ina imene ndinaiika ndekha ma shoe atsopano (tizikopa togwira mkati mwa dramu ya buleki) Lachinayi, pedulo ya buleki inangolowa pansi. Dramu kutentha, kuthirapo malovu akuchita kuthetheka, fungo ngati wina akuwotcha labala. Ina ya buleki ya disiki liva inafika pa handulo osagwira kanthu, mnyamata anaimitsa ndi nsapato m'mbali mwa ngalande, chidendene chonse kutha. Titakhala mphindi 20 inayambanso kugwira ngati palibe chachitika. Lero ndatsegula dramu ija, ma shoe akunyezimira ngati galasi.

Ndatsala ndi masiku 5 ndi anyamata awiri. Ndiyambire pati? Ndalama yosinthira ma shoe njinga zonse palibe, ndipo ya odwala sindikhudza. Sindikufuna kuti tikawonjezere anthu mu wodi yomwe tikuti tikuithandiza.

Wa galaja ya ku Matawale:
Achimwene musanatsegule dramu ina, afunseni anyamatawo ankatsika pa giya yanji.

Makaniko wa ku Chinamwali:
Ndawafunsa. Anayi anathimitsa injini n'kuika pa free, akuti amasunga mafuta. Ine ndinali kutsogolo sindinaone.

Wa galaja ya ku Matawale:
Ndiye vuto lanu ndi limenelo. Njinga ili pa free kulemera konse kwa munthu ndi chitsulo kukuthera pa kadramu kamodzi kakumbuyo, phazi osachoka pa pedulo kuyambira pamwamba. Dramu ikatentha imafutukuka, ma shoe amatsalira, n'chifukwa chake pedulo imapita pansi. Pamwamba pa shoe pamapsa n'kuuma gwa, ndiye kunyezimira mukukuonako. Palani ndi sandipepa, dramu nayonso muipale pang'ono, mupukute fumbi. Komanso ma shoe a Lachinayi anali asanakhazikike, amagwira ndi nsonga zokha. Shoe yatsopano imafuna iyende kaye m'tauni masiku angapo. Mukasintha ma shoe a njinga zonse Lachisanu ndiye mwaonjeza vuto.

Madala a ku Sadzi:
Mwana wanga, ine ndayendetsa njinga kuyambira nthawi imene phiri lija linali ndi msewu wokwerera pawokha ndi wotsikira pawokha. Langizo langa ndi limodzi, auzeni anyamata asakhudze buleki yakutsogolo. Imeneyo ndi yogwetsa. Kumbuyo kukhale kolimba basi.

Mayi wa DT:
Madala pepani, ndi ulemu wonse, apo ndikukana. Njinga ikamatsetsereka kulemera kumathamangira kutsogolo, tayala lakumbuyo limapepuka. Yoimitsa kwenikweni ndi yakutsogolo. Imagwetsa munthu akaikoka mwadzidzidzi ali pa kona kapena pa mchenga. Mukawaletsa ndiye dramu yakumbuyo ipsa ngati dzulo.

Achimwene a ku Chinamwali, ya disiki ija vuto ndi fuluwidi ya mabuleki. Inawira. Fuluwidi imayamwa chinyezi ikakhalitsa. Fuluwidi ya mtundu wa DOT 4 yatsopano imawira pa madigiri 230, koma ikamwa madzi imatsika kufika cha pa 155. DOT 3 ndi 205, ikakalamba 140. Ikawira mu paipi mumakhala mpweya, liva n'kumangofewa. Ikazizira imabwerera, n'chifukwa chake munaona ngati yachira. Sinachire. Tsegulani kabotolo ka pa handulo, mukapeza yakuda ngati tiyi wopanda mkaka tayani yonse, thirani ya m'botolo losatsegula, mubulide, ndiye kuti kutulutsa mpweya mu paipi, mpaka thovu lithe. Za disiki sizingakhale zambiri, tsiku limodzi mumaliza.

Ndipo eni ma DT muwauze kuti injini yawo ya two stroke siigwira njinga potsika ngati zinazi. Amene anachotsa pampu ya oyilo n'kumasakaniza mu thanki asatsike mtunda wonse atatseka mafuta, injini imauma. Azipatsako moto pang'ono apo ndi apo.

Wakabaza wa pa Mpondabwino:
Zimenezi zandikumbutsa chaka china nthawi yozizira. Ndinanyamula mayi wina ndi thumba la mbatata kuchokera kumtunda, chifunga chitatseka moti nyali ikungowala pamphuno pompa. Ndikukhota kona ina ndinangoona njinga yakapalasa itasenza nkhuni mulu kuposa mwini wake, iye akuikoka kumbuyo ndi mphamvu zonse kuti isamuthawe. Ndinaponda, tayala linakwekwereza, tinakathera mu udzu. Mayi anachira, ine bondo mpaka pano likazizira limandiuza. Anthu a nkhuni aja Loweruka amakhala ambiri, ndi magalimoto a matabwa. Njinga 34 zitatsatana pafupi, woyamba akamanga mwadzidzidzi onse am'mbuyo aunjikana.

Madala a ku Sadzi:
Mwaona, mnzathuyu anaponda yakumbuyo n'chifukwa chake ali moyo. Akanakoka yakutsogolo bwenzi tikunena zina.

Wakabaza wa pa Mpondabwino:
Ayi madala, yakutsogolo inali yoduka kebulo tsiku limenelo. Ikanakhalapo ndikanaima pa tala pomwepo.

Wa masipeya mu msika:
Chinthu chimene palibe wachitchula ndi chionetsero cham'mawacho. Anyamata akamva kuti pali mphoto ya njinga yowala, amapaka chilichonse. Ndawaona ndi maso anga akupaka polishi ya nsapato pa tayala lonse mpaka popondera, ena mafuta ophikira, ena kupopera mankhwala a dashibodi pa rimu, n'kudonthera pa disiki. Mpando nawonso kuupaka kuti uziwala, ndiye munthu akamanga buleki akutsetserekera pa thanki. Oyilo wa tcheni wothira mowolowa manja amakathera mu dramu. Padi ya buleki ya disiki ikamwa mafuta musavutike kuichapa, yapita. Inu mukhoza kuyendera njinga bwinobwino Lachitatu, mwini wake n'kuiwononga Loweruka 7 koloko ndi kansalu. Muikepo lamulo, tayala lopakidwa popondera silikwera phiri.

Komanso chenjerani ndi ma shoe otchipa amene akuyenda masiku ano. Ena guluu wake akatentha chikopa chimamatuka, chimakakamira mu dramu, tayala n'kuloka. Izo n'zoopsa kuposa buleki yosagwira.

Makaniko wa ku Chinamwali:
Za polishi sindinaziganize n'komwe. Zikomo. Ndiye mukuti ndisasinthe onse, ndingotsegula n'kuona? Madramu 34 kumbuyo, ena kutsogolonso, anthu akugwira ntchito masana safuna kusiya njinga. Wakabaza ukamuuza asiye njinga maola awiri akuwerengera makasitomala.

Wa galaja ya ku Matawale:
Simukuyenera kutsegula onse. Onani kamkono ka pa dramu. Ngati nati ya pa rodi yamangidwa mpaka kumapeto ndipo mukaponda kamkono kakupitirira, shoe yatha, tsegulani. Ngati ulusi ulipo wambiri ndipo tayala likuloka mukalizunguza pa sitandi, isiyeni. Koma pali achinyengo amene amasuntha kamkono dzino limodzi kuti ziwoneke ngati shoe ilipo. Ameneyo kamu, kachitsulo kokankha ma shoe, imatha kutembenuka n'kukanirira. Muyang'ane kadontho ka pa shafuti ngati kakugwirizana ndi ka pa mkono. Makebulo akutsogolo muwakoke ndithu, ambiri ndi othothoka ulusi pafupi ndi liva. Ndikhoza kukutumizirani mnyamata wanga Lachinayi masana.

Mphunzitsi woyendetsa wa ku Domasi:
Ine funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani Ku Chawe? Ndikudziwa kuti malo ndi okongola, damu la Mulunguzi, zithunzi, alendo a ku Blantyre asangalala. Koma theka la anyamata a kabaza sanaphunzirepo kutsika phiri ndi giya, anaphunzira njinga pa bwalo la mpira masiku atatu. Msewu wa M3 kupita ku Domasi kapena Malosa anthu ndi ambiri m'mbali, pa Chinamwali, pa Songani, oponya ndalama m'mbale ali kumeneko. Kuphiri mukapeza ogulitsa sitiroberi ndi anyani.

Mukaumirira phiri, tsikani m'magulu a njinga 5 kapena 6, wodziwa patsogolo wina pambuyo, giya 2, injini yoyaka, opanda pasenja, ndipo muime kamodzi panjira madramu apume. Makiyi a amene wamwa pa nkhomaliro alandidwe, njinga yake itsike pa pikapu. Kodi pikapu yotsatira ilipo? Nanga apolisi a traffic ndi a DC munawalembera? Laisensi, inshuwalansi, helemeti yomanga lamba, zonsezi mukafunse tsopano. Ngozi ikachitika pa ulendo wokonzedwa, funso loyamba likhala lakuti anayendera njinga ndani, ndipo dzina ndi lanu.

Madala a ku Sadzi:
Aphunzitsi mwanena bwino za giya. Koma ndibwerezanso, pa makona aja pamakhala timiyala ndi masamba a paini. Mwana akakoka yakutsogolo pamenepo wagwa. Ine ndaika maliro a anzanga awiri. Sindikunena zongomva.

Mayi wa DT:
Pepani madala chifukwa cha anzanuwo. Pa kona mukunena zoona, asakoke. Amange zonse ziwiri msewu ukadali wowongoka, asanalowe, kenako asiye. Koma kumuuza mwana kuti asaikhudze konse ndiye tikumutumiza ndi buleki imodzi.

Madala a ku Sadzi:
Imodzi yolimba imakwana.

Wakabaza wa pa Mpondabwino:
Nanga mafuta komiti ipereka kapena aliyense ake? Chifukwa ngati ndi ake, kunena zoona anyamata athimitsabe injini potsika, kaya muwauze chotani. Lita imodzi kwa ife ndi ndiwo za ana. Muwathirire pamwamba pomwepo aliyense theka la lita aone kuti sakuluza. Ndipo asakhale a m'zigubu, ena akusakaniza ndi parafini, sabata yatha yanga inkangotsokomola pa chitunda.

Wa masipeya mu msika:
DOT 4 yosatsegula ndili nayo mabotolo atatu, awiri ndipereka ulere poti ndi za odwala. Achimwene a ku Chinamwali mutume mwana adzatenge mawa ndisanatseke. Kodi za disiki zilipo zingati?