Mizere yofiira ikukana kuchoka mu Word, dikishonale yanga ya Chichewa sikugwira

Nabanda: Anzanga omasulira, zandikwana. Ndili ndi kabuku ka zaulimi, tsamba lina Chingerezi lina Chichewa, kakufunika kosindikiza Lachisanu. Word wachita kufiiritsa liwu lililonse la Chichewa mpaka watopa, wanditulutsira uthenga woti zolakwika zachuluka sangathenso kuzionetsa. Ndiye ndi za Chingerezi zomwe sakuzigwiranso. Ndinatola mawu m'mafayilo anga akale, liwu limodzi pa mzere, kusunga mu Notepad ngati chichewa.dic, kuponya mu UProof (foda yomwe Word amasungamo madikishonale), kuwonjezera ku Custom Dictionaries. Ena mzere wachoka, koma Malaŵi, maŵa, ng'ombe, m'munda akadali ofiira. Kwa mnzanga amene akuwerenga pambuyo panga palibe chasintha olo pang'ono. Vuto lili pati? Nthawi yanditheradi.

A Phiri: Chemwali, posunga mu Notepad munasankha encoding (kasungidwe ka zilembo) yanji? Ngati ndi ANSI, ŵ mulibemo, amasanduka w wamba kapena chizindikiro cha funso. Tsekani Word kaye, tsegulani fayiloyo, muione. Muisunge pa UTF-16 LE, Notepad yakale imangoti Unicode. Pa Dictionary language musiye All Languages, mukaimangirira ku English UK pamene ndime zina zili English US, ndimezo siziiona. Za mnzanuyo n'zosadabwitsa, dikishonale siyenda ndi docx, imatsala pa kompyuta yanu. Mumutumizire .dic naye aiwonjezere.

A Gondwe: Mukudzivutitsiranji? Ctrl+A kusankha zonse, Set Proofing Language, chongani Do not check spelling or grammar, basi. Sindikizani papepala, tengani cholembera chofiira, muwerenge mokweza. Ife tinayamba ntchitoyi pa taipi ndipo mabuku ankatuluka.

Nabanda: Bambo Gondwe, Ctrl+A ipha ndi Chingerezi chomwe, pamene mbali imeneyo ndikuifuna. A Phiri, inalidi ANSI. ŵ watheka tsopano. Koma ng'ombe ndi m'munda ayi.

A Phiri: Yang'anitsitsani kamkodola (') ka mu ng'ombe ndi m'mundako. Word amakapinda yekha polemba, pamene ka mu Notepad n'kowongoka. Ikani mitundu yonse iwiri pamndandanda, kapena muzimitse smart quotes pa AutoFormat As You Type.

Namwali wa DTP (wokonza masamba osindikiza): Njira yapakati ilipo. Pangani style yapadera, muitche Chichewa, Modify, Format, Language, muchonge Do not check pamenepo, ndime zonse za Chichewa muziveke style imeneyo. Chingerezi chidzionedwa monga mwa nthawi zonse. Muchotsenso chongo pa Detect language automatically, apo ayi Word ayamba kulota kuti ndime ina ndi Chitaliyana. Ndipo Ctrl+A ya a Gondwe sifika mu text box, header ndi footnote, muzazindikira mochedwa.

A Gondwe: Ndi zomwe ndanena zija, mwangozizungulitsa. Zimitsani.

Che Jafali: Ine changa n'chenjezo pa mndandanda womwewo. Mwati mwatola m'mafayilo akale, nanga munawasefa? Pa ofesi ina pomwe ndinkagwira ganyu panali kompyuta imodzi ya tonse, aliyense akaona mzere wofiira amangodina Add to Dictionary kuti usamusowetse mtendere. Tsiku lomwe tinatsegula CUSTOM.DIC tinapeza kuwerenga ndi kuwelenga, ndalama ndi ndarama, ngakhale chifuwka analimo, wina analemba mothamanga n'kumulowetsa. Positala inatuluka ndi chifuwka wake pamutu penipeni, zilembo zikuluzikulu, ndipo Word sananene kanthu poti tinamuphunzitsa tokha. Bwana anakana kulipira kusindikizanso, anadula pa malipiro athu. Lamulo la r pambuyo pa i ndi e ambirife timalidziwa pakamwa, koma zala zimachita zina.

A Gondwe: Mwaona? Ndiye tiyerekeze mndandanda wanu ndi woyera bwino. Mwalemba mukathire feteleza pomwe pakufunika musathire feteleza. Mawu onsewo ndi olondola, mzere wofiira sudzabwera, mlimi waotcha chimanga. Makinawa amakugonetsani tulo.

Mphwanga Tembo: Akuluakulu, vuto lalikulu simunalikhudze. Custom dictionary ya Word ndi mndandanda chabe, sidziwa kuti ndinapita, tinapita, sanapite, akadzapita, mungandipitire ndi mneni mmodzi. Muzingowonjezera mpaka kukalamba. Chichewa chimafuna Hunspell, pulogalamu ina yoona kalembedwe ka mawu, ya mafayilo awiri: .dic ya matsinde ndi .aff ya malamulo, PFX ya aphatikiram'mbuyo ndi SFX ya aphatikiram'tsogolo. Mwachibadwa Hunspell imalola prefix imodzi ndi ma suffix awiri, mukalemba COMPLEXPREFIXES zimatembenuka, koma kwa ife ziwirizo n'zochepabe poti mneni amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani zonse kumayambiriro. Ndiye mumaphatikiziratu ndina-, ndinamu-, sanati- ngati zidutswa. Kamkodola kopindika mumakathetsa ndi lamulo limodzi la ICONV mu .aff. Mukaitcha ny_MW igwira m'mapulogalamu ngati LibreOffice, OmegaT, Trados ngakhale InDesign. Word yekha ndiye saiwerenga.

Nabanda: Achimwene, Lachisanu lino. Za .aff ndiziyamba liti?

Mphwanga Tembo: Sindikunena za sabata ino. Ndikuti gulu lonseli tikanagawana zilembo, wina A mpaka D, n'kumanga imodzi ya tonse.

Che Jafali: Tikagawana titsatira kalembedwe kati? Malamulo a 1990 a Chichewa Board alipo, a Centre for Language Studies ku Zomba ali ndi mtanthauziramawu wawo, koma kasitomala aliyense amabwera ndi zake. Wina amafuna zaumoyo, wina za umoyo. Wina ŵ, wina akuti chotsani tizipewa tonse. Mukalowetsa zonse ziwiri, dikishonaleyo sikugwiranso kusakaniza m'buku limodzi, komwe ndi kumene amatibwezera ntchito.

Amake Dalitso, Chipata: Ndipo musatiiwale ife a ku Zambia. Kuno timalemba cakudya, cifukwa, Cinyanja, popanda h. Ndikaika mndandanda wanu wa ku Malawi tsamba langa lonse lifiira. Ine ndimasunga ma .dic awiri, ndimachonga imodzi malinga ndi amene wandipatsa ntchito. Tsiku lina mwana wanga anachonga zonse ziwiri pochita homuweki, ndinatumiza lipoti lokhala ndi chaka pa tsamba loyamba ndi caka pa lachitatu.

A Gondwe: Mukanawerenga papepala mukanaziona.

Namwali wa DTP: Bambo Gondwe tamva, pepala ndi cholembera. Nabanda, musanasinthe kompyuta kapena kuikanso Windows mukopere foda ya UProof pa flash, anyamata okonza makompyuta saiganizira n'komwe. Ngati mwalowa ndi akaunti ya Microsoft onaninso kuti dikishonale ya default si RoamingCustom.dic, mawu atsopano angamapite kumeneko osati mu chichewa.dic yanu.

A Phiri: Chemwali, zatheka?

Che Jafali: Pomwe tili pompano, alipo akudziwa kuletsa InDesign kudula ng'ombe pakati pa n ndi g kumapeto kwa mzere? Ndazimitsa hyphenation koma zigawo zopapatiza zikusiya mipata ikuluikulu pakati pa mawu.