HRP yafanso, ma nanozyme angatithandize?

Wa ku Matawale: Anzanga ndathedwa nzeru. Magetsi anazima Lachisanu madzulo, jenereta inalibe mafuta, firiji yakhala yofunda mpaka Lolemba. Lero ndayika ELISA (kuyeza magazi pogwiritsa ntchito ma antibody), positive control, chitsanzo chomwe chimayenera kusanduka buluu, yangoyera mbee ngati madzi. Conjugate ya HRP (antibody yomangiriridwa pa enzyme ya horseradish peroxidase, yomwe imabweretsa buluuyo) yapita, kachitatu chaka chino. Mnzanga wandigawira ma nanozyme, tinthu ting'onoting'ono tachitsulo ta Fe3O4, akuti timagwira ntchito ngati HRP ndipo sitiopa kutentha. Ndayesa ndi TMB (mankhwala omwe amasanduka buluu) ndi peroxide mu PBS (madzi amchere a phosphate), mphindi 30 zatha, buluu wake ngosaoneka n'komwe. Ndikulakwitsa pati?

Wa ku Chinamwali: PBS yanuyo ndi pH 7.4, achimwene. Fe3O4 imafuna acetate buffer ya pH cha m'ma 4, ndi peroxide yambiri kuposa ya HRP. Tinthuto timaundananso n'kukhazikika pansi, muyambe mwatiika mu sonicator, makina otimwaza ndi mafunde a phokoso.

Mdala wa labu: Zisiyeni izo. Kit inayesedwa ndi HRP, osati ndi fumbi lachitsulo.

Mayi wa ku Domasi: Musanaweruze firiji, onani wash buffer, madzi otsukira mapuleti a ELISA. Ine ndinataya mapuleti anayi sabata imodzi, ndikumanena kuti ndi kutentha kwa Okutobala. Kumeneko wina anathira sodium azide m'botolo kuti lisachite nkhungu, osalemba. Azide imapha HRP nthawi yomweyo. Ndinalira tsiku limenelo, zitsanzo zina tinakazitenga kutali, kufupi ndi nyanja ya Chilwa.

Wa ku Chinamwali: Adala, za Fe3O4 zija si zachilendo. Gulu la Yan Xiyun ku Beijing linazionetsa mu 2007.

Mdala wa labu: Kuyambira 2007 mpaka lero, nanga ma kit athu akubwereranjibe ndi HRP? Tinthu tanuto sitisankha, tingosintha TMB iliyonse yomwe tapeza. Chosankha ndi antibody, ndiye muimangirire kaye pa tinthuto. Antibody nayo ndi puloteni, firiji ikafa nayonso ili pa ngozi.

Mayi wa ku Domasi: Chenjeraninso ndi seramu yofiira, yomwe maselo a magazi anaswekeramo. Hemoglobin payokha imasandutsa TMB buluu, mudzawerenga zotsatira pa 450 nm n'kusangalala pachabe. Ndipo chonde, zoyeserazi zisalowe m'zotsatira za wodwala.

Mdala wa labu: Ndanena kale. Sungani HRP pa madigiri 2 mpaka 8, basi.

Wa ku Matawale: Ndi magetsi ake ati, adala?

Wa ku Chinamwali: Ife timadzaza mabotolo a madzi m'munsi mwa firiji, imachedwa kufunda. Alipo amene akugwiritsa ntchito ya sola? Mabatire ake akumakhalitsa?