Kulumika kwa agogo anga ndi mankhwala a Aperisi akale, pali ubale?

MwanaWaKuDomwe:

Moni nonse abale. Ndili ndi funso koma ndiyambe kaye ndi kankhani. Sabata yatha ndinali kumudzi ku Domwe ndiye ndinapeza agogo anga aakazi akuwalumika amalume, msana wakhala ukuwavuta chikumbireni kachewere. Agogowo ali ndi kanyanga ka ng'ombe kakalekale kobowola kunsonga, amayamba atema timphini ndi lezala, kenako kuika nyanga ija n'kuyamwa mpweya n'kutseka kabowo ndi phula, pakapita kanthawi akuchotsa muli magazi akuda bii ogwirana, iwo amvekere matenda aja ndi amenewa. Ine ndinajambula pa foni n'kutumizira mnzanga wina wachisilamu timagwira naye ntchito ku Moatize, iye kuseka amvekere izi kwathu timati hijama, ndipo madokotala a ku Perisiya anazilemba m'mabuku zaka 1000 zapitazo, anatchula dzina loti Ibn Sina. Akuti anthu amenewo anali ndi zipatala zenizeni Azungu asanayambe. Ndiye funso langa, zimenezi ndi zoona kapena amangondinamiza? Komanso kodi kulumika kwathuku tinatengera kwa iwowo kudzera kwa amalonda aja ankakwera ndi Zambezi? Amene munaphunzira mbiri tithandizeni.

AphunzitsiFurankungo:

Mwana wanga mnzakoyo sanakunamize ayi, kungoti nkhaniyi ndi yaitali kuposa Ibn Sina. Perisiya ndi dziko limene lero timati Iran, ndipo Chisilamu chisanafike kumeneko anthu ankatsata chipembedzo cha Zoroaster. M'malemba awo opatulika, gawo lotchedwa Vendidad, muli mitundu itatu ya ochiritsa, wochiritsa ndi mpeni, wochiritsa ndi zitsamba ndi wochiritsa ndi mawu opatulika, ndipo iwo ankati wamkulu pa onse ndi wa mawuyo. Ine nditawerenga koyamba ndinaseka ndekha chifukwa ndi mmene zilili kuno kwathu, wina amatema mphini, wina amakumba mizu, wina amapempherera. Ngakhale malipiro analembedwa, ukachiritsa wansembe amangokudalitsa basi, ukachiritsa mwini nyumba akupatsa ng'ombe yotsika mtengo, ukachiritsa mkazi wake ndi bulu wamkazi. Ife kuno timapereka nkhuku, iwo anali ndi mitengo yolembedwa kale.

Zachipatala zija anthu ambiri amayambira ku mzinda wa Gundishapur, kumwera chakumadzulo kwa Iran, umene anamanga mfumu Shapur woyamba m'zaka za m'ma 200. Mzindawu unatchuka kwambiri nthawi ya mfumu Khosrow woyamba amene analamulira kuyambira 531 mpaka 579, amati munali chipatala chachikulu chophunzitsiramo madokotala, ena n'kumati choyamba padziko lonse. Chimene chimandisangalatsa ine n'choti sanali Aperisi okha, munali Akhristu olankhula Chisiriya amene ankamasulira mabuku a madokotala akale a Chigiriki, Hippocrates ndi Galen, komanso nzeru zochokera ku India, moti sing'anga wa mfumuyo dzina lake Burzoe anachita kutumidwa ku India. Ndiye unali ngati msika wa pa malire, aliyense akubwera ndi katundu wake.

M'chaka cha 765 mfumu ya Asilamu ku Baghdad, al-Mansur, inadwala m'mimba madokotala ake n'kulephera, ndiye anaitanitsa Jurjis ibn Bukhtishu kuchokera ku Gundishapur, Mkhristu, ndipo anachira. Kuyambira pamenepo banja la Bukhtishu linakhala likuchiritsa mafumu a ku Baghdad mibadwo ingapo, mwana kulowa m'malo mwa bambo ake. Mawu oti chipatala amene Aluya anagwiritsa ntchito, bimaristan, ndi a Chiperisi, bimar ndi wodwala ndipo stan ndi malo, stan yomweyi timamva mu Pakistan ndi Afghanistan. Chipatala chachikulu cha Adudi ku Baghdad anachimanga ndi mfumu ya Chiperisi Adud al-Dawla cha m'ma 981 ndipo chinayamba ndi madokotala 24. Tangoganiza madokotala 24 pamalo amodzi nthawi imeneyo. Ndalemba zambiri, batire yatsala pang'ono, ena apitirize.

Chapa_Zobwe:

Kkkkk aphunzitsi ndiye mwatsegula kalasi usiku uno. Ine zanga ndi zochepa, ndinamva zoti dokotala wina kumeneko atafuna malo omangapo chipatala anapachika nyama m'malo osiyanasiyana mumzinda, pamene nyama inachedwa kuwola ndi pamene anamanga. Akanayesa zimenezo ku Tete mwezi wa Novembala nyama yonse ikanasanduka yofutsa pasanathe tsiku, chipatala akanakamanga ku Tsangano kozizira basi

NaJere_Namwino:

Achimwene a Chapa nkhani ya nyamayo amamunenera al-Razi, koma ndi nthano imene anthu anayamba kusimba pambuyo pake, musaigwire ndi manja awiri. Koma munthuyo anali weniweni ndipo kwa ine monga namwino ndi amene ndimamulemekeza kuposa Ibn Sina amene aliyense amatchula. Anabadwira ku Rayy pafupi ndi pamene pali Tehran lero, anamwalira cha m'ma 925, anayendetsapo chipatala ku Rayy komanso ku Baghdad. Iyeyu analemba kabuku kosiyanitsa nthomba ndi chikuku, kufotokoza bwinobwino kuti wa nthomba msana umamupweteka kwambiri pamene wa chikuku amakhala wosakhazikika ndi nseru. Achinyamata simukuidziwa nthomba chifukwa inatha padziko lonse, WHO inalengeza mu 1980, koma funsani agogo anu, ena mwa iwo ali ndi timaenje kumaso mpaka lero. Pa ziwirizi chikuku chokha ndi chimene tikulimbana nachobe ndi katemera.

Chimene al-Razi ankachita n'choti ankalemba za odwala ake mmodzimmodzi, uyu anabwera ndi chakuti, ndinamupatsa chakuti, anachira kapena anafa, ndipo ngakhale pamene iye analakwitsa ankalemba. Zolemba zimenezo ophunzira ake anazisonkhanitsa atamwalira n'kukhala buku lalikulu lotchedwa al-Hawi. Muli malo ena m'menemo pamene akufotokoza za odwala amene ankaonetsa zizindikiro za matenda otupa ubongo, gulu lina analichotsa magazi ndipo gulu lina analisiya dala osalichotsa kuti aone kusiyana. Iye anaganiza kuti kuchotsa magazi kwathandiza, lero tikudziwa kuti matenda amenewo sachira choncho, koma nzeru yoyerekeza magulu awiriyo ndi imene timayesera mankhwala mpaka pano.

Ibn Sina naye anabadwa mu 980 pafupi ndi Bukhara, lero ndi ku Uzbekistan, ndipo anamwalira mu 1037 ku Hamadan. Buku lake la Qanun analimaliza mu 1025, lili ndi zigawo zisanu, chigawo chachiwiri ndi mndandanda wa mankhwala pafupifupi 800, ambiri ndi zomera, masamba, mizu, makungwa, zomwezi agogo amakumbazi. Koma asanayambe mndandandawo anaika malamulo oyesera mankhwala, akuti mankhwalawo akhale osasakaniza ndi china, uwayese pa munthu amene ali ndi nthenda imodzi yokha, uyambe ndi mlingo wochepa, uone ngati akugwira ntchito nthawi zonse osati kamodzi mwangozi, ndipo uyese pa munthu chifukwa chimene chachitika pa mkango kapena kavalo sichikuuza za munthu. Apa ndi pamene ine ndimakangana ndi asing'anga athu, ndimawalemekeza ndipo ena a ku AMETRAMO, bungwe la asing'anga kuno ku Mozambique, amatitumizira odwala msanga zimene ndi zabwino, koma ukafunsa mlingo amangoti kapu imodzi m'mawa ina madzulo, kapu yake iti? Mwana wa zaka ziwiri ndi bambo wa makilo 80 kapu yomweyo?

Tsono mchimwene wanga wa ku Domwe ndikupemphe chinthu chimodzi, agogo asamagwiritse lezala imodzi kwa anthu awiri, agulireni paketi ndi ndalama zochepa, HIV ndi matenda a chiwindi amadutsira momwemo. Nyangayo aziiwiritsa. Ndipo magazi akudawo si matenda ayi, magazi aliwonse akakhala kunja kwa thupi amada n'kugwirana. Kwa wamsana mwina amvako bwino masiku angapo, koma mwana wa malungo kapena mayi woyembekezera amene magazi ndi ochepa kale asayerekeze.

BamboAYamikani:

Zikomo amayi a NaJere mwalankhula zomveka. Ine ndingowonjezera pawiri. Poyamba aphunzitsi mundikhululukire, za Gundishapur akatswiri a mbiri amatsutsana, ena amati umboni wa chipatala chachikulu chophunzitsiramo madokotala nthawi ya Khosrow ndi wochepa, zambiri zinalembedwa patapita zaka mazana ndi anthu ofuna kukweza mbiri ya banja la Bukhtishu. Kuti mzindawo unali ndi madokotala odziwika palibe amatsutsa, koma kunena kuti chinali chipatala choyamba padziko ndiye kuthamanga.

Chachiwiri ndi funso lenileni la mwanayu limene nonse mwalilumpha kkk. Amalonda anafikadi kuno. Wolemba wina dzina lake al-Masudi m'zaka za m'ma 900 anafotokoza za ngalawa zochokera ku Oman ndi ku Siraf, doko la ku Perisiya, zikupita mpaka ku Sofala kukafuna golide ndi minyanga. Mbiri ya mafumu a ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ku Tanzania, imati woyambitsa wawo anachokera ku Shiraz ku Perisiya. Ndipo Apwitikizi atafika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530 anapeza amalonda achisilamu ali kale mumtsinjemu. Koma zimenezo sizikutanthauza kuti kulumika anabwera nako ndi iwowo. Agiriki akale ankalumika ndi timakapu tamkuwa, Atchaina ankalumika ndi nyanga moti dzina lakale la njirayi kwawo limatanthauza nyanga, ndipo muno mu Africa mitundu yambiri yoweta ng'ombe imachita zomwezo. Paliponse pamene pali nyanga ndi msana wopweteka munthu akhoza kuzitulukira yekha, ndiye ine sindingawalande agogo a ku Domwe luso lawo n'kulipereka kwa Aperisi.

Komanso katundu sankangolowa, wina ankatuluka. Muzu wa kalumba, wowawa uja wachikasu umene umamera m'nkhalango za kuno ku Mozambique, anthu athu ankamwa akatsegula m'mimba, ndipo unkadulidwa timagawo n'kuyanikidwa n'kutumizidwa pa ngalawa ku India mpaka unakalowa m'mafamasi a ku Ulaya. Ndiye wina ku Lisboa ankamwa mankhwala a agogo athu osadziwa.

Chinanso chimene chimafanana ndi kwathu ndi nkhani ya zakudya. Madokotala a Chiperisi anatengera kwa Agiriki chiphunzitso choti m'thupi muli zamadzimadzi zinayi, magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, ndipo matenda amabwera chimodzi chikachuluka, n'chifukwa chake ankakonda kuchotsa magazi ndi kupereka mankhwala otsegula m'mimba. Mpaka lero ku Iran anthu wamba amagawa zakudya kukhala zotentha ndi zozizira, amati garmi ndi sardi, sizikukhudza kutentha kwa pamoto ayi koma mmene chakudyacho chimachitira m'thupi. Yogati ndi nkhaka ndi zozizira, zipatso za kanjedza ndi uchi ndi zotentha, ndiye mwana m'mimba mukamupweteka mayi ake amati wadya zozizira zambiri n'kumupatsa tiyi wothira shuga wamiyala amene amati nabat. Ife kuno timati munthu wotentha asathire mchere m'ndiwo, zifukwa zake ndi zosiyana ndithu koma mawu a kutentha ndi kuzizira ndi omwewo.

AphunzitsiFurankungo:

Abambo a Yamikani ndavomera, pa Gundishapur ndinathamangadi. Ndachajitsa foni kwa aneba ndiye ndiwonjezere kamodzi. Qanun ija anaimasulira m'Chilatini ndi Gerard wa ku Cremona ku Toledo m'zaka za m'ma 1100, ndipo mayunivesite ngati Montpellier ndi Leuven ankaphunzitsabe bukulo mpaka m'zaka za m'ma 1600, Azungu n'kumamutchula Ibn Sina kuti Avicenna. Ndiye mwina madokotala a Chipwitikizi oyamba kufika mbali zino anali ataphunzira Mperisi ameneyu kusukulu. Koma imfa yake ndi yomvetsa chisoni, wophunzira wake al-Juzjani analemba kuti atadwala m'mimba anadzipopa yekha mankhwala kasanu ndi katatu tsiku limodzi pofuna kuchira msanga mpaka matumbo anachita zilonda, anamwalira ali ndi zaka za m'ma 57. Munthu yemwe analemba malamulo a mlingo uja amayi a NaJere!

Chapa_Zobwe:

Eee ndiye ankafulumira ngati ine pa mseu wa Zobwe. Koma ine ndinamvanso kuti ankagwira munthu pamkono n'kumatchula mayina a atsikana, mtima ukagunda kwambiri pa dzina lina ndiye wadziwa kuti mnyamata akudwala chikondi, zoona zimenezo? Ngati ndi zoona akazi anga asaone uthengawu

NaJere_Namwino:

Kkkk achimwene njirayo anailembadi mu Qanun momwemo, pa matenda a chikondi, akuti uzitchula mayina, malo ndi ntchito uku chala chili pamtsempha. Bwerani ndidzakuyeseni akazi anu ali pomwepo.

MwanaWaKuDomwe:

Zikomo kwambiri nonse, aphunzitsi, amayi a NaJere ndi abambo a Yamikani, sindimayembekezera kuti ndimva zambiri chonchi. Malezala ndagula kale paketi ziwiri ndiwatumizira pa chapa, minibasi ija ya Lachisanu. Chimene chandikhudza ine ndi cha al-Razi cholemba odwala chija, chifukwa agogo amadziwa mitengo yambiri zedi, wina wa chifuwa wina wa mutu waching'alang'ala wina wa njoka za m'mimba, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife zidzukulu amene angakalozeko kutchire, ndipo maso awo ayamba kuchita khungu. Mwezi wamawa ndikalandira ndipita ndi kope ndi foni tikayende nawo kudambo, ndizijambula mtengo uliwonse iwo akunena dzina ndi ntchito yake. Vuto ndi loti ina amakana kutchula akuti ukaulula mankhwala amasuluka, ndiye kaya ndiwanyengerera bwanji, mwina ndi chitenje chatsopano ndi shuga. Amayi a NaJere ndikalemba ndingakutumizireni kuti muone imene ili yoopsa kwa ana?

NaJere_Namwino:

Tumizani mchimwene wanga, koma mujambule masamba, maluwa ndi khungwa lomwe osati muzu wokha, mizu yambiri ikauma imafanana. Mulembenso kapu imene amayezera, ngati ndi ya tiyi kapena ya pulasitiki yaikulu ija, ndi kuti amawiritsa nthawi yaitali bwanji.