Mwana wapatsidwa malo pasukulu ya Ayuda ku England, tiyembekezere zotani?

Nachisale:

Moni nonse. Khonsolo yapatsa mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 7, malo a Year 3 pasukulu yapulaimale ya Ayuda kuno ku England. Ndi ya boma ndipo ili pafupi ndi nyumba. Banjali ndi la Chikhristu, langobwera kumene kuchokera kumudzi. Mayi ake mtima uli m'mwamba: kodi mwanayu sakamulowetsa Chiyuda? Chiheberi anzake anayamba kale, iye akawapeza? Kalata ya sukulu ikukaniza chakudya chophika kunyumba, chifukwa chake n'chiyani? Muli ndi fomu yopempha ndalama mwezi ndi mwezi, pomwe tinamva kuti sukulu ndi yaulere. Odziwa tithandizeni.

A Mbewe:

Mayi Nachisale, mantha aakuluwo achotseni. Ayuda sayenda kukopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo, ndipo ngakhale munthu wamkulu wofuna yekha amaphunzira nthawi yaitali asanalandiridwe. Mwanayo palibe adzamunyengerera. Chimene chilipo n'chakuti tsiku la sukulu limayenda Chiyudachiyuda kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo iye adzakhala momwemo.

Sukulu za Ayuda okhwimitsa kwambiri malamulo sizikhala ndi malo otsala, choncho ngati khonsolo yamupeza malo, mwachidziwikire ndi sukulu yozolowera kale ana a zipembedzo zina. Zilipo zotere: King David ya ku Birmingham ili ndi ana ambiri a Chisilamu, ndipo King David ya ku Liverpool ana osakhala Ayuda ndiwo ochuluka. Kale sukulu zina zinkalandira mwana poona ngati mayi ake ndi Myuda. Mu December 2009 khoti lalikulu la Supreme Court linagamula pamlandu wa sukulu ya Ayuda ya JFS ya ku London kuti kutero ndi tsankho la mtundu. Chiyambire pamenepo amawerengera mapointi a zimene banja limachita, monga kupita kusunagoge ndi kuphunzira za Chiyuda, ndipo mapointiwo amagwira ntchito ofuna malo akaposa malowo. Izi muzikumbukire akafika Year 6, kalasi yomaliza ya kupulaimale: malo a kupulaimale sasanduka okha malo a kusekondale ya Ayuda, fomu ya kusekondale mudzalembepo sukulu zinanso.

Za ndalamazo. Sukulu zambiri zotere ndi za gulu la voluntary aided. Boma limalipira aphunzitsi a masamu, Chingerezi, sayansi ndi zina zonse za silabasi ya dziko, komanso 90 pa 100 ya ndalama zomangira. Aphunzitsi owonjezera a Chiheberi ndi a maphunziro a Chiyuda ndiwo amadalira chopereka cha makolo. Ndi chopereka chaufulu: lamulo sililola sukulu ya boma kubweza mwana kapena kumusala chifukwa makolo sanapereke. Mchemwali wanu angolemba kalata kuofesi kuti angathe kupereka zingati, kapena kuti pakadali pano sangathe. Kungokhala chete ndiko kumabweretsa makalata okumbutsa osatha. Malipoti a sukulu amakhala awiri, la Ofsted, bungwe la boma loyendera sukulu, ndi la Pikuach, bungwe loyendera maphunziro a Chiyuda. Werengani onse, lachiwirilo ndilo limanena momwe amasamalira ana osakhala Ayuda.

M'mawa pamakhala mapemphero otchedwa tefillah, ambiri oimba. Mwa iwo muli Shema, mawu a pa Deuteronomo 6:4 amene mwana wopita kutchalitchi anawamvapo. Anyamata amavala kippah, kachipewa kakang'ono kapaliwombo, ngati mbali ya yunifolomu. Gulani zitatu ndi tomangira tsitsi, zimagwa pabwalo la mpira. Makolo ali ndi ufulu wochotsa mwana pa mapemphero, koma ine sindingafulumire kutero, chifukwa mwana wokhala yekha pakhonde anzake akuimba ndiye amadziona mlendo.

Chinthu chimodzi mumuuze kunyumba. Dzina la Mulungu limene Buku Lopatulika limalemba kuti Yehova, Ayuda salitchula, polankhula amati Hashem. Pepala la homuweki lokhala ndi dzina la Mulungu m'Chiheberi silitayidwa m'bini. Limabwezedwa kusukulu, komwe amawasunga m'bokosi n'kukawakwirira mwaulemu.

NaPhiri:

Ine ndiyankhe za chakudya, poti mpomwe mabanja ambiri amapunthwa, ndipo akabwezeredwa chakudya pageti amaona ngati anyozedwa. Palibe akukayikira ukhondo wanu. Nkhani ndi malamulo a Chiyuda a zakudya otchedwa kosher, amene amakhudza chakudyacho, amene wapha nyama, ndi poto amene mwaphikiramo.

Nyama yololedwa ndi ya ziboda zogawanika yomwenso imabzikula, monga pa Levitiko 11: ng'ombe, mbuzi, nkhosa. Nkhumba ndi kalulu ayi. Nkhuku ndi yololedwa. Koma nyama ndi nkhuku zomwe ziyenera kuphedwa ndi wodziwa mwambo wawo n'kuchotsedwa magazi ndi mchere, ndiye nyama wamba ya ng'ombe ya mu Tesco si ya kosher, ya kubutchala ya halal si ya kosher. Nsomba ikhale ya mamba ndi zipsepse. Chambo ndi usipa zikanapita, mlamba ndi kampango ayi, nkhanu ndi zina za m'zigoba ayinso.

Lamulo losadziwika kwa ambiri, ngakhale a Adventist amene amasala kale nkhumba, ndi lolekanitsa nyama ndi mkaka. Siziphikidwa pamodzi, sizidyedwa pamodzi, ndipo ziwiya zake n'zosiyana: mapoto, mipeni, mbale, masinki ndi tosukira mbale tomwe. M'khitchini ya sukulu mudzaona zofiira ndi za nyama, zabuluu za mkaka, zobiriwira za parev, kutanthauza zopanda nyama ndi mkaka monga mazira, nsomba, mpunga ndi masamba. Munthu akadya nyama amadikira asanamwe za mkaka, mabanja ena maola 6, ena 3. Ndiye chifukwa chake mwana wadya nkhuku masana sapatsidwa yogati pambuyo pake. Mazira amaswera kaye m'kapu payokha kuona ngati muli kadontho ka magazi, masamba amatsukidwa n'kuunikidwa kuti musakhale tizilombo.

Tsopano onani vuto la chakudya cha kunyumba. Nsima ndi nyemba pazokha zilibe choletsa. Koma poto wanuyo dzulo munaphikiramo nyama ya mu shopu wamba, ndipo mthiko womwewo munatakasira phala la mkaka. Kwa iwo poto ndi mthikowo zatenga kale zimenezo. Chakudyacho chikalowa pa mbale ya sukulu, mbaleyo yawonongeka. Sukulu siingayendere khitchini ya banja lililonse, choncho imangotseka kwa onse, kuphatikizapo Ayuda eni ake.

Ngati amalola kachakudya ka pa buleki, zipatso zathunthu ndi karoti sizivuta. Za m'paketi yang'anani chizindikiro cha mabungwe otsimikizira kosher: KLBD, MK, SKA kapena OU. KLBD ili ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa Is It Kosher, mumangolembapo dzina la chinthucho. Zimene zimagwetsa anthu ndi izi: maswiti ofewa okhala ndi gelatine, zofiira zopaka E120 yochokera ku tizilombo, tchizi wamba, ndi juwisi wa mphesa, amene ali ndi lamulo lakelake. Paketi yolembedwa kuti vegetarian musaidalire, si chimodzimodzi ndi kosher. Ndipo mtedza, chiponde, zitumbuwa za nsinjiro, iwalani, sukulu zambiri kuno zimaletsa mtedza chifukwa cha ana amene matupi awo amadana nawo.

A Kwenda:

Zonse anena anzangawa n'zoona, koma chimene chimapweteka kholo logwira ntchito ya mashifiti ndi kalendala. Pemphani ya chaka chonse lero, musayendere ya khonsolo.

Sabata ya Ayuda, tsiku lawo lopuma, imayamba Lachisanu dzuwa lisanalowe. Mu December kuno dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, ndipo aphunzitsi ayenera kufika kwawo nthawi ikadalipo. Choncho m'nyengo yozizira sukulu imaweruka masana Lachisanu, ina cha m'ma 1 koloko, ndipo kalabu yosunga ana akaweruka imakhala yotseka. Wokamutenga mwana Lachisanu apezeke tsopano.

Miyezi yawo imatsata mwezi wakumwamba, chaka chimakhala ndi masiku pafupifupi 354, ndipo amawonjezera mwezi wathunthu ka 7 pa zaka 19 zilizonse. Ndiye zikondwerero zimasuntha. September ndi October ndiyo miyezi yodukaduka, poti sukulu imatseka pa zikondwerero izi: Rosh Hashanah masiku 2, Yom Kippur tsiku 1, kuyamba kwa Sukkot masiku 2, kenako Shemini Atzeret ndi Simchat Torah masiku 2. Mu 2025 masiku 7 onsewa anagwera m'kati mwa sabata: 23 ndi 24 September, 2 October, 7 ndi 8, kenako 14 ndi 15 October. Mu 2026 onse ndi Loweruka ndi Lamlungu kupatula Yom Kippur, Lolemba pa 21 September. Tsiku loti chikondwerero chiyamba madzulo ake amawerukanso msanga. Chikondwerero cha Pesach (Pasaka) ndi masiku 8, cha Shavuot 2. Sukulu ya boma iyenerabe kukwanitsa masiku 190 ophunzira pachaka, choncho amadula kapena kusuntha matchuthi ena, ndipo ngati m'nyumba muli mwana wina wa sukulu ina, matchuthi awo sadzagwirizana.

Pa zikondwerero za Chanukah ndi Purim sukulu imakhala yotsegula. Pa Purim ana amavala zoseketsa n'kupatsana timaphukusi ta zakudya za mitundu iwiri, za chizindikiro chija anena NaPhiri. Sewero la Khirisimasi kulibe, zimenezo akazipeza ku Sande sukulu.

A Mbewe:

Ndinasiya funso la Chiheberi. Pa zaka 7 sanachedwe. Zilembo ndi 22, zowerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo 5 zimasintha maonekedwe zikakhala kumapeto kwa liwu: kaf, mem, nun, pe ndi tsadi. Mavawelo ndi timadontho ndi timizere, tambiri tili pansi pa chilembo. Mwana wodziwa kuwerenga Chichewa ali ndi mwayi, poti anazolowera kuphatikiza ba, be, bi, bo, bu, ndipo Chiheberi cha ana chimawerengedwa momwemo: chilembo kaye, kenako kadontho kake, kenako chilembo chotsatira.

Pomwe amasokonezeka ndi pa zilembo zofanana: dalet ndi resh, bet ndi kaf, vav ndi zayin, he ndi chet, gimel ndi nun. Kadontho kamodzi kamasinthanso liwu, bet kukhala vet, shin kukhala sin. Mphindi 10 tsiku lililonse mokweza mawu zimaposa ola limodzi Lamlungu. Musamulembere matchulidwe m'zilembo zathu pansi pa mawuwo, maso amathamangira pamenepo ndipo zilembo zenizenizo sazigwira. Chenjerani ndi mwana woimba bwino: amaloweza mapemphero ndi khutu, chala chikuyenda patsamba, inu n'kumati akuwerenga. Muyeseni ndi mzere umene sanauimbepo. Funsani aphunzitsi ngati ali ndi gulu la ofika mochedwa, komanso ngati kalasi yayamba kale zilembo za pamanja, zimene ndi zosiyana ndi zosindikiza.

Maphunziro a Chiyuda ndi osiyana ndi a chilankhulo. Mabuku 5 a Mose anawagawa zigawo 54, ndipo sabata iliyonse ana amaphunzira chigawo cha sabatayo. Nkhani za Yosefe ndi Mose adzazidziwa kale, mwina kuposa anzake. Chachilendo ndi kaphunzitsidwe: mwana amayamikiridwa pofunsa funso lovuta, ndipo akamakula amakhala awiriawiri kutsutsana pa ndime imodzi. Wathu woleredwa kuti wamkulu sayankhidwa amakhala duu, aphunzitsi n'kuganiza kuti sakumva. Muuzeni kuti m'kalasimo kufunsa si mwano.

NaPhiri:

A Mbewe, pa za mapemphero tisiyane pang'ono. Banja lina chikumbumtima sichilola, ndipo palibe cholakwika kupempha kuti mwana akhale m'chipindamo mwaulemu osatchula nawo mawuwo. Aphunzitsi ambiri amavomera, ndipo mwana sakhala pakhonde.

Pageti mudzapeza alonda. Boma limapereka ndalama zake kudzera ku bungwe la Community Security Trust chifukwa sukulu za Ayuda zimaopsezedwa. Tengani chitupa, lembetsani aliyense wokatenga mwana, musagwirire geti munthu amene simukumudziwa ngakhale zikuoneka zamwano, ndipo musajambule pageti. Ana amayeserera kubisala m'kalasi, mwanayo auzidwiretu kuti asadzidzimuke. Lachisanu mupatseni kandalama kachitsulo koponya m'bokosi la tzedakah, chopereka cha osowa. Tsiku lomwelo amayerekeza mgonero wa Sabata ndi buledi woluka wotchedwa challah, ndipo makolo amaitanidwa nthawi zina. Pitani, mpomwe mumadziwana ndi anzanu. Banja la m'kalasi likaferedwa, amaika maliro mwachangu n'kukhala pakhomo masiku 7 akulandira opepesa. Zimenezi ife sitichita kuphunzitsidwa. Maluwa musatenge, ndipo chakudya mufunse kaye wa m'gulu la makolo pa WhatsApp.

Nachisale:

Zikomo kwambiri nonse, ndamutumizira. Funso lomaliza: tsiku lobadwa la mwanayo lili mu November ndipo akufuna kuitana a m'kalasi. Tipange bwanji kuti abwere?

A Kwenda:

Lachisanu madzulo ndi Loweruka masana ayi, ambiri sakwera galimoto ndipo foni sayankha mpaka kutada Loweruka. Ikani Lamlungu masana mukaweruka kutchalitchi, mutaonetsetsa pakalendala kuti si chikondwerero. Keke mugule kubekale ya kosher, ikhale m'bokosi lake losatsegula mpaka alendo afike. Mbale, makapu ndi mpeni wodulira zikhale zatsopano zotaya mukatha. Sankhani mbali imodzi, ya mkaka ndiyo yosavuta, nyama isapezeke patebulo la ana. Mapaketi onse asiyeni poonekera kuti kholo lithe kuwerenga lokha chizindikiro, ndipo pakhadi loitanira lembani dzina la bekaleyo. Ngati abale akufuna nsima ndi nkhuku, zituluke anzake a kusukulu atapita.